Tikufuna kuphunzitsa achinyamata 40 ntchito zamanja: tiyambire pati kuti asadzabwerere kukangokhala pakhomo?

Nangozo:

Moni nonse. Komiti yathu yapeza thandizo loti tiphunzitse ntchito zamanja achinyamata 40 akumudzi omwe sali pa ntchito, anyamata ndi atsikana, a zaka zapakati pa 18 ndi 30. Ambiri sanamalize sekondale, ena analekezera ku pulayimale. Ndalamazo zikukwana miyezi isanu ndi umodzi yokha. Pamsonkhano anthu atchula kusoka, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kukonza njinga zamoto ndi kuika sola, ndipo atsikana pafupifupi onse alembetsa kusoka. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti maphunziro oterewa kawirikawiri amathera pa tsiku lolandira satifiketi, kenako ana aja n'kubwerera kukangokhala pakhomo. Tisankhe bwanji ntchito zoti aphunzire? Tiwatumize kusukulu ya ntchito zamanja kapena kwa amisiri a m'dera? Akamaliza tiwapatse zida kapena ndalama? Odziwa tithandizeni tisanayambe kuwononga ndalama.

Chisale:

Mayi Nangozo, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Mu 2017 katswiri wa zachuma ku World Bank, David McKenzie, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa maphunziro oterewa m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse opatsidwa mwayi wa maphunziro, amene amapeza ntchito chifukwa cha maphunzirowo ndi awiri kapena atatu okha. Ena akanaipeza ndithu ngakhale osaphunzitsidwa, ndipo ena sanaipeze n'komwe. Luso mwana amalitenga, koma kasitomala sabwera ndi satifiketi. Ndiye mndandanda wa zimene achinyamata alembetsa muusunge kaye, muyambe mwawerenga makasitomala.

Patulani milungu iwiri kapena itatu maphunziro asanayambe. Tumizani achinyamata omwewo awiriawiri, atatenga kope ndi cholembera, kumisika yonse imene munthu angafike pa njinga n'kubwerera tsiku lomwelo. Akalembe amisiri amene alipo pa ntchito iliyonse. Akafunse mmisiri aliyense kuti pa mlungu amakhala masiku angati opanda ntchito, komanso miyezi imene ntchito imachuluka ndi imene imasowa. Funso lofunika koposa akafunse anthu wamba: ndi chinthu chiti chimene chikawonongeka mumapita nacho kutauni, kapena mumadikira munthu wochokera kutali? Mayankho ake amakhala ngati pampu yothirira, injini ya chigayo, mjigo, foni, sola yomwe yasiya kutchaja batire. Pamenepo ndi pamene pali ndalama zomwe zikutuluka m'deramo, ndipo ndi zimene mwana wophunzira angazigwire.

Kenako muchite masamu, osangoyerekeza. Tinene kuti mwawerenga njinga zamoto 150 ndipo eni ake akuti amapita kwa makaniko kamodzi pamwezi. Ndiye kuti pamwezi pali ntchito 150. Makaniko mmodzi akamagwira njinga zinayi kapena zisanu patsiku kwa masiku 25, amatha ntchito 100 mpaka 125. Dera limenelo likhoza kudyetsa amakaniko awiri. Ngati alipo kale awiri, inu n'kuonjezerapo khumi, ntchito yomwe ija agawana anthu khumi ndi awiri, mitengo igwa, ndipo mwasaukitsa ngakhale amene ankapeza bwino. Kusoka muchitenso chimodzimodzi, ndipo pamenepa mudzafunika kulimba mtima, chifukwa atsikana 20 a mashini osokera pamsika umodzi sangapeze chochita, makamaka kumene zovala zakale zotchipa zimagulitsidwa zambiri. Atelala amene amapulumuka ndi omwe ali ndi oda yokhazikika, monga mayunifolomu a sukulu, kapena odziwa kuchepetsa ndi kukonza zovala mwaukhondo.

Ine ndingagawe anthu 40 amenewo pa ntchito zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, osapitirira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa ntchito imodzi, ndipo a ntchito imodzi azichokera m'midzi yotalikirana. N'zovuta kuyendetsa kusiyana ndi kalasi imodzi yaikulu, ndipo n'chifukwa chake mabungwe ambiri amasankha kalasi yaikuluyo. Koma kuphwekako kumathandiza woyendetsa, osati wophunzira.

Musaiwalenso kuti kumudzi ntchito yolembedwa ndi yochepa kwambiri. Ambiri adzadzilemba okha, ndipo ambiri sadzasiya kulima. Ntchito zoyandikana ndi ulimi musazione ngati zonyozeka: kuika ndi kukonza mapaipi othirira, kufesa ndi kumezanitsa mbande za mitengo ya zipatso, kupopera mbewu mankhwala mosamala, kuweta njuchi, kukhoma makola ndi nkhokwe. Njira ya ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, yotchedwa TREE, yomwe inakonzedwera madera akumidzi, imayenda motere ndithu: kuyamba n'kupeza mwayi wa ndalama umene ulipo m'dera, kenako kuona luso lomwe likusowa, kenako kuphunzitsa, pomaliza kuthandiza ophunzira akamaliza.

Nabanda:

Ndikugwirizana ndi a Chisale, koma pali dzenje lina limene mudzagweramo msika musanaufike n'komwe: ophunzira kusiyira panjira. Pa 40 amene muyambe nawo, si onse adzamalize, ndipo zifukwa zake zimadziwika kale.

Choyamba ndi nyengo. Miyezi isanu ndi umodzi yanuyo ikagwera nthawi yobzala, kupalira kapena kukolola, kalasi idzakhala yopanda anthu, ndipo simungawadzudzule chifukwa chakudya cha chaka chonse chili kumunda. Yambani akangomaliza kukolola. Ngati kalendala ya opereka thandizo sikulola, phunzitsani theka la tsiku, kapena ikani tchuthi cha milungu iwiri pa nthawi ya ntchito yaikulu, chodziwika kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri ndi mtunda ndi njala. Munthu woyenda kupitirira ola limodzi kupita, lina kubwerera, osadya masana, amayamba kujomba mwezi wachiwiri. Alawansi ikhale yongokwanira ulendo ndi chakudya chamasana, iziperekedwa mlungu ndi mlungu molingana ndi masiku amene wabwera. Mukaikweza kwambiri mudzakopa anthu odzera alawansiyo, ndipo mukamaipereka pakutha pa mwezi osaukitsitsa adzakhala atasiya kale. Posankha ophunzira musangodalira mayina operekedwa ndi atsogoleri. Aliyense akhale masiku awiri kapena atatu pamalo a ntchito imene wasankha asanalembedwe. Ena akamva kutentha ndi phokoso la kowotcherera zitsulo amasintha okha maganizo, ndipo ndi bwino asinthe malo asanawonongeke. Sungani mayina ena asanu kapena khumi oti alowe m'malo mwa osiya m'milungu iwiri yoyamba.

Za atsikana ndikufuna ndinenepo mwamphamvu. Kulembetsa kwawo kusoka sikutanthauza kuti onse amakonda mashini. Ambiri sanaonepo mkazi akuika sola kapena kukonza foni, ndipo palibe anawauzapo kusiyana kwa ndalama zimene ntchito zimenezi zimabweretsa. Aonetseni zotsatira za kumsika zija, ndipo ngati n'kotheka abweretsereni mayi amene akugwira ntchito yotere alankhule nawo. Amene asankhe ntchito yomwe muli amuna ambiri musamutumize yekha, akhale awiri kapena atatu. Pakhale mayi wodalirika, yemwe si mphunzitsi wawo, woti azikamuuza wina akamawavutitsa, ndipo mphunzitsi wochita zimenezo achotsedwe msanga. Makolo ndi amuna awo muwaitane pamsonkhano woyamba, chifukwa ndiwo amaletsa mwakachetechete. Kwa omwe ali ndi ana, lembani munthu wolera ana pafupi ndi malo ophunzirira.

Zimenezi si zongokometsera. Ku Liberia, pulogalamu ya atsikana yotchedwa EPAG, yomwe inayamba mu 2010, inkaphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi, kenako miyezi ina isanu ndi umodzi yowathandiza kupeza ntchito kapena kuyamba bizinesi, ndipo inkapereka ndalama ya ulendo ndi malo osungirako ana. Poyerekeza ndi anzawo amene anali asanalowe, ogwira ntchito anachuluka ndi 47 peresenti, ndipo ndalama zomwe ankapeza zinakwera ndi 80 peresenti. Ambiri mwa iwo anali a ku Monrovia ndi madera oyandikana nawo, choncho kumudzi musayembekezere manambala omwewo, koma taonani kuti theka la pulogalamuyo linali la pambuyo pa kalasi.

Amene kuwerenga kumawavuta musawasiye. Ola limodzi patsiku la kuwerenga tepi yoyezera, kuchulukitsa, kugawa ndi kulemba lisiti n'lokwanira, bola liziphunzitsidwa ndi zinthu za ntchito yawo yomweyo.

Mbewe:

Pa funso la sukulu kapena amisiri, zonse zili ndi pabwino ndi poipa, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi ine ndingaphatikize.

Kwa mmisiri mwana amaona ntchito yeniyeni: kasitomala wokwiya, chipangizo chosowa, kukambirana mtengo. Kuipa kwake amangodziwa zimene mmisiriyo amadziwa, ndi zolakwa zake zomwe, ndipo pena amathera miyezi itatu akusesa ndi kutumidwa. Kusukulu amaphunzira mwadongosolo ndi kulandira pepala lodziwika, koma sukulu zambiri zimakhala kutali, zida n'zochepa, ndipo anthu khumi amadikirira mashini amodzi. Kafukufuku amene anachitika ku Uganda mogwirizana ndi bungwe la BRAC anayerekeza njira ziwirizi, iliyonse ya miyezi isanu ndi umodzi. Onse anapindula, koma phindu la omwe anapita kusukulu linakhalitsa, chifukwa luso lawo linali ndi umboni wa satifiketi ndipo ntchito ikatha pena ankatha kukalembedwa kwina. Ndiye a Chisale akunena zoona kuti satifiketi sibweretsa kasitomala, koma musaitaye. Funsani bungwe la boma loyesa amisiri kuti ophunzira anu akalembe mayeso a gawo loyamba, ndipo ndalama ya mayesowo ilowe m'bajeti kuyambira lero.

Kagawidwe kake kangakhale kotere. Milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi yoyamba onse a ntchito imodzi akhale ndi mphunzitsi wodziwa: chitetezo, mayina ndi kasamalidwe ka zida, kuyeza, ndi chifukwa chimene chinthu chimagwirira ntchito. Miyezi inayi yotsatira akhale kwa amisiri, koma tsiku limodzi pa mlungu azibwerera kwa mphunzitsi uja kudzafunsa zimene zawavuta. Milungu yomaliza ikhale yokonzekera mayeso ndi kuphunzira kuika mtengo. Pa maola khumi alionse, asanu ndi awiri akhale ogwira ndi manja.

Mmisiri musamusankhe chifukwa cha kutchuka. Pitani kumalo ake osamuuza, muone ngati pali makasitomala ndi zida zokwanira. Mmisiri mmodzi asatenge ophunzira oposa atatu. Lembani naye mgwirizano wotchula maluso amene mwana ayenera kudziwa pakutha pa mwezi uliwonse, maola ogwira ntchito, amene adzalipire chida chikawonongeka, ndi kuti mwana satumidwa ntchito zapakhomo. Malipiro ake muwagawe patatu: poyamba, pakati, ndipo gawo lalikulu mwana akapambana mayeso. Mugulenso zipangizo zoyeserera, matabwa, zidutswa za zitsulo, nsalu zotchipa, chifukwa palibe mmisiri amene angalole wophunzira kuwononga katundu wa kasitomala, ndipo popanda zoyeserera mwanayo adzangokhala woonerera. Dziwaninso kuti amisiri ena amabisa luso poopa kuti akudzilerera mpikisano. Zimachepa mukawatumizira ophunzira amene adzakagwire ntchito kumsika wina.

Mayeso a mwezi ndi mwezi akhale ntchito yooneka. Chitsanzo, wa sola mumupatse nyumba ya mababu anayi a mawati 5 oyaka maola 5, TV ya mawati 40 yoonera maola 4, ndi mafoni anayi otenga pafupifupi 10 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola) iliyonse. Ayenera kupeza 100 kuphatikiza 160 kuphatikiza 40, zonse 300 Wh patsiku, n'kuonjezerapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu la mphamvu yotayika m'mawaya ndi m'batire kuti zifike 400 Wh. Akagawa ndi maola anayi kapena asanu a dzuwa lamphamvu, apeza panelo ya mawati 80 mpaka 100. Batire ya 12 V: 400 kugawa ndi 12 ndi pafupifupi 33 Ah (muyeso wa magetsi amene batire imasunga), koma batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye yochepetsetsa ndi ya 70 Ah. Polumikiza ayambe batire ku controller (kabokosi koyendetsa kutchaja kwa batire), kenako panelo, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Wosatha masamu amenewa adzagulitsa panelo yaing'ono pa batire yaikulu, batireyo siidzadzaza, idzafa msanga, ndipo mudzi wonse udzadziwa amene anaika.

Nangozo:

Zikomo kwambiri a Chisale, a Nabanda ndi a Mbewe. Zowerenga msika tizichita ndithu, ndipo tsiku loyambira tiliunikanso chifukwa linagwera pa nthawi yopalira. Latsala ndi funso la zida. M'komiti tagawanika: ena akuti tikawapatsa ndalama adzadya, ena akuti tikawapatsa zida adzagulitsa. Komanso ndalama zikatha pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, tidzawatsatira ndi chiyani?

Chisale:

Mantha akuti achinyamata adzadya ndalama ndi aakulu kuposa zimene zimachitikadi. Mu 2008 boma la Uganda linapereka ndalama kwa magulu a achinyamata kumpoto kwa dzikolo, pafupifupi madola 382 pa munthu, magulu atalemba okha mapulani a maphunziro ndi zida, popanda wowalondera kwambiri. Gawo lalikulu linapitadi ku zida, zipangizo ndi maphunziro. Patatha zaka zinayi ankapeza ndalama zoposa za anzawo osalandira ndi 38 peresenti. Patatha zaka zisanu ndi zinayi anzawo aja anali atawapeza pa kapezedwe ka ndalama. Mpamba unawafulumizitsa, ngakhale sunawasiyanitse mpaka kalekale, ndipo zaka zimenezo za kupeza bwino si zochepa kwa munthu amene akuyamba banja.

Zida zimagulitsidwa pa zifukwa zitatu. Zina zimakhala zosayenera, zogulidwa mulu umodzi ndi munthu wa muofesi: bokosi lonyezimira, koma masipanala ake amapindika pa boti yoyamba, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zina zimafika mochedwa, patatha miyezi itatu kapena inayi, manja ataiwala ndipo mwana atapita kukafuna ganyu kwina. Zina zimabwera zokha popanda ndalama yogulira zipangizo. Kalipentala wokhala ndi sowo ndi puleni koma wopanda thabwa ndi misomali sangayambe, ndipo tsiku la matenda pakhomo sowoyo ndiye amapita.

Ndiye chitani chonchi. Mndandanda wa zida aulembe wophunzira ndi mmisiri wake, ndipo akagule limodzi ndi wa komiti. Zida zigulidwe pakati pa maphunziro, mwana aziphunzirira zomwezo, zikhale za komiti mpaka atapambana mayeso. Pa ndalama ya munthu aliyense, pafupifupi magawo awiri mwa atatu apite ku zida, lotsalalo lisungidwe ngati mpamba wa zipangizo ndi lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, woperekedwa kawiri: akapeza malo, ndi akaonetsa kope la ntchito zimene wagwira mwezi woyamba. Zida zokwera mtengo monga mashini owotcherera agawane anthu awiri kapena atatu osankhana okha, atalemberana za amene akusunga, za ndalama yokonzetsera ndi zochita wina akafuna kuchoka. Magulu a anthu khumi pa chida chimodzi amatha ndi mkangano. Ngongole yachiwongoladzanja pa tsiku loyamba ndiyo ndingakane, chifukwa kubweza kumayamba makasitomala asanamudziwe.

Kuika mtengo kuphunzitsidwe ndi ntchito yeniyeni: zipangizo, ulendo wokagula, maola ake, kenako kachigawo kolowetsa zida zikatha. Oyamba kumene amawerengera zipangizo zokha, ndiye amatanganidwa tsiku lonse ndalama osaioneka. Aphunzirenso kulandira ya zipangizo ntchito isanayambe, ndi kulemba m'kope aliyense wotenga pangongole, ngakhale wachibale.

Za kutsatira, yankho ndi kudula kwina. Ndi bwino kuphunzitsa 32 n'kuwatsatira kusiyana ndi 40 n'kuwasiya. Patulani gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti, mukambirane ndi opereka thandizo kuti ligwire ntchito maphunziro atatha. Munthu mmodzi wokhala ndi njinga ndi foni aziyendera aliyense kawiri pamwezi m'miyezi itatu yoyamba, kenako kamodzi. Oda zoyamba muwapezere ndinu: madesiki a sukulu, mafelemu a mawindo, sola ya pachipatala chaching'ono, mayunifolomu. Pa mwezi wachitatu, wachisanu ndi chimodzi ndi wa 12 maphunziro atatha mulembe za aliyense: akugwira ntchito imene anaphunzira, wagwira masiku angati mwezi wathawu, wapeza zingati atachotsa zipangizo, zida akadali nazo. Tengani manambala a foni awiri a achibale, chifukwa achinyamata amasintha manambala ndi kusamuka. Ku Nepal, thumba la Employment Fund linkasunga gawo lalikulu la malipiro a ophunzitsa mpaka zitatsimikizika, miyezi ingapo maphunziro atatha, kuti ophunzira akupezadi ndalama. Inunso mukhoza kusunga kagawo ka malipiro a mphunzitsi mpaka mwezi wachitatu maphunziro atatha.

Gama:

Ndionjezereko za kuwotcherera zitsulo, poti zili pamndandanda wanu ndipo ndi pamene ndalama zimatayika kwambiri kumudzi. Musanalembe munthu ndi mmodzi yemwe, onani magetsi a pamalo amene adzagwirire ntchito akamaliza, osati a kumene akuphunzirira. Ndodo yowotcherera ya 2.5 mm imafuna pafupifupi ma amp 70 mpaka 100, ya 3.2 mm pafupifupi 90 mpaka 130. Kumene kulibe magetsi, mashini owotcherera amakono a inverter amafuna jenereta yosachepera 5 kVA kuti agwire bwino ndodo ya 3.2 mm, ndipo mashini akale a thiransifoma amafuna yaikulu kuposa pamenepo. Jenereta yaing'ono imapangitsa moto kudukaduka, ndodo imamatirira, chowotchereracho sichilowa m'chitsulo, ndipo mashini a inverter akhoza kupsa chifukwa cha magetsi osakhazikika. Mtengo wa jenereta ndi mafuta ake ukapanda kukwanira m'bajeti, ntchito imeneyi ichotseni, malowo apite ku ntchito yosafuna magetsi ambiri.

Ngati mwaisunga, zodzitetezera zikhale za aliyense payekha, osabwerekana: chigoba chakumaso cha galasi la nambala 10 kapena 11, magolovesi achikopa, nsapato zotseka, magalasi oyera ovala pogwiritsa ntchito giraindala, ndi zovala za thonje chifukwa za nailoni zimasungunukira pakhungu. Magalasi adzuwa satchinga kuwala kwa moto wowotcherera, maso amayamba kupweteka ngati muli mchenga patatha maola angapo, nthawi zambiri usiku. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chiziwotcheredwa pamalo opita mphepo, utsi wake umadwalitsa. Thanki kapena mgolo umene munali petulo wophunzira asaukhudze ndi moto ngakhale ukuoneka wouma, chifukwa mpweya wotsalira m'katimo ndiwo umaphulika. Pa mayeso a mwezi woyamba, awotcherere zidutswa ziwiri, azimange pa vaisi n'kuzipinda ndi hamala. Zikathyokera pamene wawotcherera, abwerezenso asanapatsidwe ntchito ya kasitomala.